Botolo la M'firiji ndi Mphini za a Namakhwa

Ana anga, mayi anu akudandaula kuti chipumireni pa ntchito ndimangozungulira pakhomo, kuyang'ana nkhuku m'maso ngati ndikufuna kuzilembera mankhwala. Ndiye andigulira kope ili kuti ndizikhala pansi. Za ubwana wanga sindilemba. Munazimva mpaka kutopa nazo, ndipo kutalika kwa njira ya kusukulu kuja ndinkawonjezerako pang'ono. Ndiyambira pamene ndinavala koti yoyera, chifukwa ndikufuna mudziwe mmene ndinafikira pa tsiku limene ndinachita mantha koposa masiku onse a ntchito yanga, lomwenso ndi tsiku limene ndimalinyadira koposa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: Kapondo

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kakang'ono ka kudera la Kapondo. Ndinafika pa lole ya chimanga, ndili ndi sutikesi imodzi ndi matama a mnyamata amene wangolandira kumene satifiketi. Bwana wanga anali a Tembo, bambo wamfupi wa imvi, amene anayamba kuona odwala ine ndisanabadwe. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "A Mbewe, nsapato zanuzo n'zokongola. Zisungeni, mudzavala pa ukwati wanu. Kuno kumafunika majombo."

Pamalopo chilichonse chinali choperewera kupatula odwala. Masingano a jakisoni tinkawaphika mumpoto pa chitofu cha parafini, akabuntha n'kuwanola. Firiji ya katemera nayo inkayendera parafini, ndipo chingwe chake chikangopendekeka pang'ono, m'mawa tinkapeza khoma lonse lili bii ndi utsi. Anthu akumeneko mapiritsi sankawawerengera. Munthu wamkulu ankatha kuyenda mtunda wautali, ukam'patsa mapiritsi n'kukufunsa kuti, "Nanga mankhwala enieniwo mundipatsa nthawi yanji?" Mankhwala enieni anali jakisoni wa pathako, wopweteka, woti munthu atuluke akutsimphina. Ine ndinkapsa nazo mtima, a Tembo ankangondiseka.

A Tembo omwewo ndiwo anandiphunzitsa kuwerenga mphini. Odwala ambiri ankayamba adzera kwa sing'anga, amene ankawatema ndi lumo timizere ting'onoting'ono pamalo popweteka n'kupakamo mankhwala akuda. Ine ndikangoona mphini ndinkayamba ulaliki, kukalipa za malumo a dzimbiri ndi kafumbata mpaka wodwala kuzyolika. Tsiku lina a Tembo anandikokera pambali. "Mukamakalipa chonchi, mawa abwera atavala malaya awiri," anatero. "Mphinizo ndi kalata yochokera kwa mnzathu wa kumudzi. Zikukuuzani pamene pakupweteka, ndiponso tsiku limene matenda anayamba. Werengani kaye, ulaliki ubwere pambuyo." Mphini sindinasiye kudana nazo, mpaka lero ndimadana nazo, koma ndinaphunzira kutseka pakamwa.

Za matenda a mtima tinkadziwa zochepa kwambiri. Munthu akabwera atagwira pachifuwa, tinkati ndi chibayo kapena chilungulira. Ndikukumbukira mlimi wina wa mtedza, wamphamvu zake, amene anati pachifuwa pake pakulemera ngati aikapo thumba la feteleza, thukuta lili kamukamu m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni. Ndinam'patsa mankhwala a chilungulira, anathokoza, ndipo anakagwa m'njira asanafike kwawo. Kumudzi anati am'lodza. Ine chimene chinam'pha ndinachidziwa patapita zaka zambiri, ndipo zimandipwetekabe.

Zaka za m'ma 1990 ndi 2000: Zulu, sukulu, chipatala cha mishoni

Kuchoka ku Kapondo ananditumiza kudera la Zulu, kufupi ndi malire. Uko ndiye kunali kosangalatsa. Odwala ena ankachokera tsidya la Zambia pa njinga, ndipo kunali mayi wina amene ankabwera mwezi ndi mwezi n'kunena kuti, "Ba dokota, nifuna nyeleti, mapilisi siyasebenza," kutanthauza kuti akufuna jakisoni, mapiritsi sagwira ntchito. Ndinkamuuza kuti Amalawi ndi Azambia tikhoza kukangana pa mpira, koma pa kukonda jakisoni ndife a mimba imodzi. Kumeneko n'kumenenso ndinakumana ndi mayi anu, atabwera ndi dzino lopweteka. Mpaka lero amauza anthu kuti ndinawazula dzino lolakwika dala n'cholinga choti abwerenso. Si zoona zimenezo, koma kubwera anabweradi.

Titakwatirana ndinabwerera kusukulu ku Lilongwe kukawonjezera maphunziro, ndikusiyira mayi anu ana awiri ndi munda wa chimanga. Nditamaliza ndinayamba ntchito pa chipatala china cha mishoni m'boma lathu lomwe lino la Mchinji, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka kupuma. Mabwana ndinawaona amitundumitundu. Kunali okalipa, kunali ongokhala mu ofesi, ndipo kunali wina amene ankakiyira magolovesi m'kabati yake n'kupita ndi kiyi kumaliro kwa masiku atatu. Ambulansi inali imodzi. Ikakhala ndi mafuta inkasowa tayala, tayala likapezeka mafuta atha. Komabe ntchito inkayenda, ana ankabadwa, othyoka miyendo ankabwerera kwawo akuyenda okha, ndipo pa tiyi wa teni koloko tinkaseka mpaka odwala kusuzumira pawindo.

Zaka za m'ma 2010: Dokotala Nyirongo ndi mabotolo atatu

Bwana amene ndinam'konda koposa onse anabwera ine nditamera kale imvi. Anali Dokotala Nyirongo, mayi wa kumpoto, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, woyenda mothamanga ngati wasiya ndiwo pamoto. Poyamba mumtima ndinkati, mwana ameneyu andiphunzitsa chiyani ine? Mwezi usanathe ndinali ndikuwatsatira pambuyo, kope lili m'manja.

Iwo ndiwo anabweretsa makina ojambula kagundidwe ka mtima, aja timati ECG, mphatso yochokera kwa anzawo amene anaphunzira nawo kunja. Umamata timawaya pachifuwa pa wodwala, makinawo n'kutulutsa kapepala ka mizere yokwera ndi yotsika. Lachitatu lililonse masana ankatikhazika pansi, ine ndi Sisitala Jere, namwino wamkulu wa wodi ya abambo, n'kumatiphunzitsa kuwerenga mizereyo. Anatifotokozera kuti mtima nawo uli ndi timitsempha take toudyetsa, ndipo magazi akaundana n'kutseka kamtsempha kamodzi, mbali ina ya mtima imayamba kufa. Zili ngati ngalande ya kudimba ikatsekeka ndi dothi: mbewu za kumunsi zimayamba kufota, ndipo ukachedwa kutsegula, madzi angabwere bwanji sizidzukanso. Tsiku limenelo ndi limene ndinam'kumbukira mlimi wa mtedza uja.

Pamodzi ndi makinawo kunabwera timabotolo titatu ta ufa woyera, mankhwala otchedwa sitirepitokainezi. Dzinalo linatipinda lilime, ndiye tinkangoti mankhwala a m'firiji. Ufawo umausungunula, kuuthira mu diripi, n'kumalowa mumtsempha pang'onopang'ono kwa ola lathunthu, ndipo umakasungunula magazi oundana aja kuti njira itseguke. Koma mankhwalawa alibe maso. Amasungunula paliponse pamene magazi aundana, ngakhale pamene thupi linatseka bala mwa ubwino wake. N'chifukwa chake anabwera ndi pepala la mafunso, limene tinalimata pachitseko cha firiji: ngati munthu anadwalapo sitiroko, ngati wachitidwa opareshoni posachedwa, ngati wamenyeka m'mutu, ngati ali ndi zilonda za m'mimba kapena akutaya magazi penapake. Chinanso, wodwala amayenera kufika msanga, maola oyambirira omwewo. Theka la tsiku likadutsa, phindu lake limakhala litapita.

Apa ndiye panagona vuto. Munthu wa kwathu kuno chifuwa chikam'gwira amayamba wamwa madzi a soda, kenako kwa sing'anga, kenako kukapemphereredwa, kwa ife n'kufika patapita masiku awiri. Timabotolo tiwiri tinatha nthawi yake tili m'firiji, osathandizapo munthu. Tsiku lotaya timabotoloto ndinakalipira aliyense amene ndinakumana naye, mpaka Sisitala Jere anandiuza kuti ndipite ndikamwe madzi. Kanatsala kamodzi, kamene tsiku lake lothera linali patsogolo pang'ono. Magetsi akangozima ndinkasiya chilichonse kuthamangira kukaona ngati jenereta ayatsa. Sisitala ankauza anthu kuti mzime wa a Mbewe sali kunyumba, ali m'firiji.

Lachinayi lina la mwezi wa Malichi

Tsiku limenelo Dokotala Nyirongo anali ku msonkhano ku Lilongwe, ndipo chipatala anasiyira ine. Cha m'ma leveni koloko m'mawa panafika thalakitala ya esiteti ina ya fodya ya kudera la Chiosya. M'ngolo mwake munagona a Namakhwa, tenanti wochokera ku Phalombe, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, mutu wawo uli pamiyendo pa akazi awo. Sisitala Jere anawazindikira nthawi yomweyo, chifukwa bambowo anali mkulu wa mpingo wathu womwewu ku tchalitchi cha ku esiteti, ndipo ankakumana m'misonkhano. Nkhope ya a Namakhwa inali itatuwa, thukuta likuyenderera, chibakera chili pachifuwa.

"Zayamba nthawi yanji, mayi?" ndinafunsa tikuwakankhira ku wodi.

"Dzuwa likutuluka, adokotala. Amakweza mikangala ya fodya m'chigafa, ndinangoona akhala pansi. Akuti ngati ng'ombe yawaponda pachifuwa, ululu ukutsikira kumkono wamanzere ndi kumsana."

Kunja kunkatentha, koma a Namakhwa anali atavala jekete lawo la kutchalitchi pamwamba pa malaya. Nditati avule anakana, ati akumva kuzizira, n'kungomasula mabatani. Ine pofulumira sindinalimbikire. Ndinamata timawaya, makina anatulutsa pepala, ndipo mizere inali itakwera ngati mitumbira ya mbatata, ndendende zimene Dokotala ankatijambulira pa bolodi. Ndinawapatsa asipirini kuti atafune, BP inali bwino, ndipo pepalalo ndinalijambula ndi foni n'kutumiza ku Lilongwe. Mphindi ziwiri zisanathe foni inalira. "Bambo Mbewe, ndi yomweyo," anatero Dokotala. "Maola akadalipo. Funsani mafunso a pachitseko aja. Akakana onse, yambani, musadikire ine."

Ndinafunsa limodzi ndi limodzi, ndikufotokoza kuti mankhwalawa amatsegula mabala. Sitiroko? Ayi. Opareshoni? Ayi. Kugwa kapena kumenyeka m'mutu? Ayi. Chimbudzi chakuda, kusanza magazi? Ayi. Bala lililonse pathupi? "Ine thupi langa n'losalala, adokotala," anatero akupuma movutika. "Mungondibaya kamodzi pathakopa ndizipita, fodya wanga ali pansi." Ndinawauza kuti lero lokha jakisoni wa pathako ndi woletsedwa, chifukwa pobayapo pangatuluke magazi. Sisitala Jere anapita ku firiji n'kubwera ndi kabotolo kaja kali m'mbale, ataikumbatira ndi manja awiri. Tinatsala pang'ono kusungunula ufa pamene ndinamva wina akukoka koti yanga kumbuyo.

Anali mayi Namakhwa. Ananditsogolera pakhonde, n'kugwada pa simenti.

"Adokotala, bambo a kunyumbawa sananene zoona," anatero motsitsa mawu. "M'mawa muja ndinayamba ndawatengera kwa sing'anga. Anawatema kumsana konse. Iwo amakana, ndine ndinakakamiza, ndimaona ngati andifera m'manja. Ndiye poti ndi akulu a mpingo, ndipo asisitala aja amawadziwa, andiuza m'njira kuti ndikangotsegula pakamwa ndinyamule katundu ndibwerere ku Phalombe ndekha. Koma ndamva mukuti mankhwalawa amatsegula mabala. Kaya andithamangitsa, andithamangitse ali moyo."

Ndinakwiya, koma osati ndi iwo. Ine munthu wa imvi, wophunzitsidwa ndi a Tembo, kupusitsidwa ndi jekete! Ndinawadzutsa mayiwo, tinalowa, ndipo ndinati, "A Namakhwa, jeketeli tivula." Anayang'ana akazi awo, kenako anatembenukira kukhoma. Malaya anali atamatirira kumsana. Titawanyowetsa n'kuwachotsa, tinapeza mizere iwiri ya mphini kuchokera paphewa lamanzere kutsika mpaka m'nthiti, zopakidwa mankhwala akuda, zina zikuchuchabe. Mayi analoza zina zitatu m'munsi mwa khosi zimene ine sindinazione, ndipo analumbira kuti m'mutu sanawateme. Sisitala Jere anayamba kutsuka mabalawo, n'kungonena kuti, "A Namakhwa, za kutchalitchi tikakambirana kutchalitchi. Ine pano ndikuona msana basi."

Ndinaimbiranso Dokotala. Anafunsa kuti mphinizo n'zakuya bwanji, ndinati n'zapakhungu koma zambiri ndipo n'zam'mawa womwe uno. Anafunsa ngati zonse zili poti dzanja likhoza kukanikiza, ndinati inde. "Bambo Mbewe, msanawo ine sindikuuona," anatero. "Amene mukuona ndinu, ndiye..." Foni inadukira pomwepo. Ndinayesa katatu, netiweki inali itapita.

Ana anga, apa ndikuuzani zoona zokhazokha. Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kuwakweza ambulansi kupita ku Lilongwe. Ulendo umenewo ukanadya maola amene anatsala, ndipo sindinkadziwa ngati kumeneko akawapeza mankhwalawa. Koma akanamwalira m'njira, palibe akanandiloza chala. Akanangoti a Mbewe anatumiza wodwala monga mwa nthawi zonse. Yachiwiri, kupereka mankhwala amene sindinaperekepo chibadwire, kwa munthu wa msana wotematema, bwana palibe, ndipo magazi oti tiwonjezere munthu tsiku limenelo analipo ochepa. Akanatha magazi pabedi paja, dzina langa likanathera pomwepo. Ndinaona bwinobwino kuti njira yoyamba inali yopulumutsa ine, ndipo ndinaifuna. Ndinaima pachitseko cha firiji kuwerenganso pepala lija ngati lisintha. Amene analilemba mphini sanazionepo, ndiye silinanene kanthu za izo. Chimene linkaopa kwenikweni ndi magazi otuluka kumene dzanja silingafike, m'mutu kapena m'mimba. Msana wa a Namakhwa unali poyera, dzanja likanafika.

Ndinabwerera n'kuwauza onse awiri mosabisa, kuti mankhwalawa akhoza kutsegula mtsempha wa mtima, koma mabalawa atuluka magazi, ndipo mwa apo ndi apo munthu amatha kutuluka magazi m'mutu n'kutisiya. Ndinawauzanso kuti tikapanda kupereka, mtima ukupitiriza kuwonongeka. A Namakhwa anayankha akuyang'anabe kukhoma. "Mayi awa anena kale zonse. Anenenso zimenezi."

"Apatseni," anatero mayi.

Manja ndiwo anatiperewera. Sisitala anayenera kuyang'anira diripi ndi BP, ine makina ndi kugunda kwa mtima, ndipo anamwino ena anali ku chipinda cha amayi oyembekezera kumene kunali mapasa. Wokanikiza mabala panalibe. Mayi Namakhwa anangotambasula manja. Tinawaveka magolovesi, tinayala thonje ndi nsalu za pabala pamizere yonse, a Namakhwa tinawagoneka cham'mbali ndi mapilo, ndipo mayi anaima kumbuyo kwawo, zikhatho zonse ziwiri pamsana, zala zitatambasuka kuti zifike pa mphini iliyonse. Ndinawauza kuti asasiye ngakhale amve zotani. Sisitala anasungunula ufa, anapachika diripi, ndipo ndinatsegula ndekha.

Mphindi zoyamba sipanachitike kanthu. Kenako nsalu zinayamba kufiira pakati pa zala za mayi. Tinkaika zina pamwamba, iwo n'kukanikizanso. Posakhalitsa a Namakhwa anati akuona mdima, anasanza, ndipo Sisitala anati BP yatsika kwambiri. Ndinachepetsa diripi, tinakweza miyendo ya bedi ya kumapazi ndi njerwa zimene tinkasungira ntchito imeneyi, n'kuika diripi ya madzi kumkono winawo. Mayi anandiyang'ana, maso ali tong'o. "Ndawapha ine?" anafunsa. Ndinati, "Kanikizani, mayi, mafunso pambuyo." BP inakwera pang'onopang'ono, ndipo ndinatsegulanso mankhwala. Mayi anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, Sisitala n'kumathira mang'ombe chapansipansi, maso ali pa diripi.

Ola litatsala pang'ono kukwana, mtima unayamba kudumphadumpha pansi pa zala zanga. Kenako ndinakumbukira kuti Dokotala anatiuza kuti nthawi zina mtima umatero magazi akayambanso kudutsa pamene panatsekeka. Ndinadikira, ndikuwerenga kugunda kulikonse, mpaka unakhazikika. Pamenepo a Namakhwa anapuma mpweya wautali, anachotsa chibakera pachifuwa, n'kunena kuti, "Adokotala, ng'ombe ija yachotsa phazi." Kenako anafunsa akazi awo kuti, "Amake Lute, fodya uja munangomusiya pansi?"

Sisitala Jere anaseka mpaka misozi. Ine sindinafune kusangalala msanga, ndinadikira kanthawi n'kujambulanso mtima. Mitumbira ija inali itatsika, yatsala pang'ono kusalala. Ndinaika mapepala awiriwo pamodzi kuti Sisitala aone, ndipo mayi wamkulu uja, woopedwa ndi anamwino onse, anaimba nthungululu m'wodi ya abambo. Odwala a m'mabedi ena, amene ankamvetsera zonse kuseri kwa katani, anayamba kuwomba m'manja, wina wa pulasitala kumwendo akumenya ndodo yake pansi. Netiweki itabwerera ndinatumiza chithunzi chachiwiri. Dokotala anaimba akufuula moti ndinachotsa foni kukhutu, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti anthu a mumsonkhano anaganiza kuti kwagwa zovuta. Ndinangoti, "Zatheka, adokotala," n'kukhala pa mpando wa alonda a odwala.

Zotsatira zake

Patapita masiku awiri, ali bwino, tinawatumiza ku Lilongwe kuti akawaunike mokwanira. Anabwerako ndi mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, ndi chenjezo loti asamanyamule zolemera, ndiponso kakhadi konena kuti mankhwala a m'firiji aja asadzapatsidwenso, chifukwa thupi likawalandira kamodzi limawazindikira n'kuwakana. Mapiritsiwo anawalandira monyinyirika, ati munthu wodwala mtima weniweni angachire ndi timbewu? Matenanti anzawo anawathandiza kumaliza fodya wa chaka chimenecho. Pa pepala la pachitseko cha firiji ndinawonjezera funso limodzi ndi bolopeni: kodi mwadzera kwa mnzathu wa kumudzi? Ndinalamulanso kuti funsoli lizifunsidwa motsitsa mawu, ndipo jekete lizivulidwa kaya munthu ndi m'busa. Mabotolo ena anabwera patapita nthawi, ndipo ena mwa iwo anathandiza anthu, koma nkhani zimenezo n'za Dokotala Nyirongo.

Ine chimene ndikufuna musunge chinachitika masana a Lachinayi lomwelo. Diripi itatha, mphini sizinasiye kuchucha msanga, chifukwa mankhwalawa amakhalabe m'magazi kwa maola angapo. Mayi Namakhwa anakana kulandiridwa. Anati mphinizo anazionerera zikutemedwa, ndiye amene akudziwa pamene pali iliyonse ndi iwo. Anaima chomwecho mpaka cha m'ma fili koloko, pamene magazi analeka ndipo tinamanga bandeji yolimba. Sisitala anawavula magolovesi n'kuwabweretsera tiyi, koma kapu inawakanika kugwira. Zala zinali zitauma, zopindika monga mmene zinalili pamsana paja, ndipo mikono inkanjenjemera. Anakhala pansi pambali pa bedi, manja ali pamiyendo, akuyang'ana tiyi akuzizira.

Kupatula za fodya zija, a Namakhwa anali asanawalankhule chiwavulireni jekete. Ine ndinali kumapazi kwa bedi ndikulemba mufayilo, ndipo ndinkayembekezera kuti mlandu uyamba. Ndinawamva akuti, "Bweretsani kuno." Mayi anakweza dzanja limodzi. Bambo aja, singano ya diripi ili pamkono, anayamba kuwongola zala za akazi awo chimodzichimodzi, kuzisisita kuyambira patsinde mpaka kunsonga, nkhope ili yokwinya.

"Mwandiyalutsa lero, amake Lute."

"Eya, ndakuyalutsani."

"Pamaso pa asisitala."

"Pamaso pa asisitala. Ndiye katundu uja ndikamange liti?"

A Namakhwa anamaliza chala chaching'ono, n'kuchipinda ndi kuchiwongola kawiri kuti aone ngati chamasuka.

"Ku Phalombe tipitira limodzi, fodya akagulidwa," anatero. "Bweretsani dzanja linalo."